Mwala usamachoke m'phiri popanda kalata

Munthu akafuna kuchoka ndi ng'ombe kwa Kasakula kuti akaigulitse kumsika wakutali, amayamba wapeza kalata. Amfumu amachitira umboni kuti ng'ombeyo ndi yake, alangizi a ziweto amalemba chilolezo, ndipo apolisi akamuimitsa pamsewu amatulutsa mapepala. Palibe amene amati uku n'kuvutitsa anthu, poti tonse tikudziwa kuti ng'ombe yoyenda popanda kalata ndi yakuba. Koma mlendo atafika pa galimoto, n'kukwera phiri ndi nyundo ndi tchizulo, kugumula miyala mpaka kudzaza thumba, ambiri a ife tingomupatsa moni. Ena tingamunyamulire thumbalo mpaka pamsewu. Wina akalimba mtima n'kufunsa, yankho lake ndi lodziwika kale m'dziko muno: "Ndi masampulo chabe, tikukayeza." Nkhani n'kuthera pomwepo.

Ng'ombe imaswana. Mwala ukachoka wachoka. Ine ndikuti mwala uliwonse wotengedwa m'mapiri athu kuti ukayezedwe, ukagulitsidwe kapena ukaikidwe m'kabati ya munthu kunja, uzichoka eni dera atavomera, utalembedwa m'kaundula, mnzake atatsala kuno, ndipo zotsatira zake zizibwerera. Ndipo mafumu a m'mapiri a Ntchisi ndi Dowa asadikire kuti boma liyambe. Ayambe okha.

Mwina wina akudabwa kuti munthu angafunirenji mwala wosanyezimira, womwe si golide kapena rube. Dziko lapansili lili ndi zaka pafupifupi 4.5 biliyoni. Miyala ya nthawi yoyambirira yambiri idasungunuka, idakwiririka kapena idaperesedwa ndi madzi, kotero yomwe idatsala ndi yowerengeka. Mu 1969 akatswiri awiri a miyala apachibale, Morris ndi Richard Viljoen, adafotokoza za mwala wachilendo m'mbali mwa mtsinje wa Komati, kufupi ndi Barberton ku South Africa. Mwalawo, womwe lero umatchedwa komatiite, udali chiphalaphala chotuluka pansi pa dziko zaka pafupifupi 3.5 biliyoni zapitazo. Kutentha kwake kunkafika madigiri 1,600, pomwe chiphalaphala cha mapiri ophulika a masiku ano nthawi zambiri chimalekezera pa madigiri 1,200. Ukauswa mwalawo umaona mizere italiitali yopyapyala, yopingasana uku ndi uku, yomwe idapangika chiphalaphalacho chikuzizira mwachangu. Chiphalaphala chotentha chotere sichitulukanso lero chifukwa mkati mwa dziko mudazizirako. Choncho chidutswa chilichonse cha mwalawu ndi umboni wa momwe dziko lidalili kusanakhale mtengo, nsomba kapena munthu. Mwala womwewu umapezekanso ku Belingwe, kufupi ndi Zvishavane ku Zimbabwe, komwe uli ndi zaka pafupifupi 2.7 biliyoni. Maiko onse awiriwa ndi omwe agogo athu ankapita kukakumba migodi ya eni.

Chinthu chikasowa chimapeza ogula. Asayansi amafuna miyala yotereyi kuti aiyeze. Nyumba zosungiramo zinthu zakale zimaifuna kuti anthu azikaiona. Ndiye pali anthu andalama omwe amangoitolera, kuikonda monga ena amakondera masitampa, ndipo pakati pawo ndi phiri pamaima mavenda. Lero malonda ambiri otere amachitikira pa intaneti, chidutswa chokwana m'dzanja chitaikidwa kapepala ka dzina la dziko ndi mtengo m'madola.

Zomwe zidachitika kumpoto kwa Quebec ku Canada ziyenera kufika m'makutu a mfumu iliyonse kwathu kuno. Kufupi ndi mudzi wa Inukjuak, kwa anthu a mtundu wa Inuit, kuli miyala yotchedwa Nuvvuagittuq. Kafukufuku wotuluka mu 2025 adapeza kuti ina mwa miyalayo ili ndi zaka 4.16 biliyoni, kutanthauza kuti ili m'gulu la miyala yakale kwambiri padziko lonse. Kwa zaka zambiri eni dera ankalandira asayansi ndi manja awiri. Kenaka adaona kuti alendo ena akugumula zimiyala zikuluzikulu n'kusiya mabala pathanthwe, ndipo zidutswa zina zidapezeka zikugulitsidwa pa intaneti. Mu 2024 bungwe lawo loyang'anira malo, Pituvik Landholding Corporation, lidaletsa kutenga miyala pamalopo. Ndi anthu ochepa, okhala kutali ndi likulu la dziko lawo, koma adati ayi, ndipo mayunivesite akuluakulu adamvera. Sadakane sayansi. Adakana kutengeredwa zinthu ngati kuti pamalopo palibe mwini.

Ku South Africa adasankha njira ina yotetezera. Mapiri a Barberton Makhonjwa adalowa m'kaundula wa UNESCO wa malo ofunika padziko lonse mu 2018, ndipo m'mbali mwa msewu wodutsa m'mapirimo adaika malo oimapo ndi zikwangwani zofotokoza mwala uliwonse. Alendo amalipira malo ogona, chakudya ndi owaperekeza kuti akaone miyala ili pamalo pake. Mwala womwewo umabweretsa ndalama chaka ndi chaka chifukwa sudachoke.

Nanga kwathu kuno? Mapiri a Ntchisi ndi Dowa, omwe amatsetserekera kuchigwa cha kunyanja, adakhala pa miyala yomwe akatswiri amati ndi maziko a dziko lino. Yambiri ili ndi zaka zoposa 500 miliyoni, ndipo ina ya ku Nyika imayandikira zaka 2 biliyoni. Pitani pomwe msewu udadula phiri, kapena mumtsinje nthawi ya chilimwe madzi ataphwa, muyang'ane thanthwe. Muona mizere yoyera ndi yakuda itapindikapindika. Kupindikako kudachitika pansi penipeni, mwala utafewa ndi kutentha ndi kulemera kwa mapiri omwe adatha kalekale. Mwana aliyense woweta mbuzi kwa Kasakula adakhalapo pathanthwe lotere, koma kusukulu amaphunzira za miyala pongoona chithunzi m'buku.

M'miyala yomweyi ndi momwe muli girafaiti wa ku Katengeza m'boma la Dowa, miyala ya safa ya ku Chisepo, ndi rutile wa ku Kasiya yemwe adakopa kampani ya Rio Tinto kugula masheya mu Sovereign Metals mu 2023. Boma lidauluza ndege za Kauniuni kuunika pansi pa nthaka ya dziko lonse, ndipo zotsatira zake zidatulutsidwa mu 2015. Maso a anthu akunja ali kale pa chigawo chapakati. Amene akuganiza kuti mapiri a Ntchisi ali kutali kwambiri moti munthu wathumba ndi nyundo sangafikeko akudzinamiza.

Ngati tikufuna kuona momwe zimathera, tisapite kutali. Tipite ku Malosa ndi ku Zomba. Mapiri amenewo ndi mbali ya chigawo cha miyala ya moto cha Chilwa, chomwe chidapangika zaka zoposa 100 miliyoni zapitazo. M'mapanga ndi m'ming'alu ya phiri la Malosa mumatuluka mwala wakuda bii, wautali, wosongoka ndi wonyezimira wotchedwa aegirine, nthawi zambiri utamera pamodzi ndi kwatsi wa mtundu wa utsi ndi mwala woyera wa feldspar. Otolera miyala padziko lonse amaudziwa, ndipo amauika m'gulu la abwino koposa. Mumapezekanso miyala ina yosowa kwambiri monga parisite ndi epididymite. Amene amaikumba ndi anyamata a m'midzi yozungulira, okwera maphompho oopsa ndi zipangizo zamanja. Amaiyala pansalu m'mbali mwa msewu wokwera ku Chawe, kapena kuigulitsa kwa venda pamtengo womwe vendayo watchula. Lembani dzina la Malosa pa intaneti muone masitolo a ku Ulaya ndi ku America momwe adadzazira. Miyala yokongola koposa ya phiri limeneli ili m'makabati a kunja. Mwana wa ku Domasi, yemwe amadzuka n'kuliona phirilo tsiku ndi tsiku, angaione pafoni pokha.

Apa taluza kawiri. Taluza ndalama, chifukwa wokumba sadziwa chomwe wanyamula ndipo sangatsutse mtengo. Taluzanso nzeru, ndipo uku ndiye kuluza kosabwezeka. Kwa katswiri, phindu la mwala lili pa kudziwa pomwe udali: mng'alu uti, mbali iti ya phiri, pamwamba pake padali chiyani, pansi pake padali chiyani. Mwala wogumulidwa mwachisawawa n'kuponyedwa m'thumba limodzi ndi inzake wataya theka la zomwe ukadatiuza. Ndipo pamalo pomwe udachoka sipangayezedwenso.

Ndikudziwa zomwe ena anena. Oyamba ati, munthu wanjala ungamuuze za zaka mabiliyoni? Mlimi yemwe feteleza wamukanika, soya wagulitsa motchipa, mwana wabwezedwa kusukulu chifukwa cha fizi, akapeza wogula mwala agulitse basi. Njala ndi yoona ndipo sindikuichepetsa. N'chifukwa chake sindikuti wokumba amangidwe. Amayi okhala padzuwa m'mbali mwa msewu kuswa miyala ya kwale ndi kanyundo, zala zili mabala okhaokha, sadalakwire munthu, ndipo kaundula amene ndikunenayu sakuwakhudza. Koma tifunse bwino: ndani amapindula mwala ukachoka mwakachetechete? Si wanjalayo. Chinsinsi chimathandiza wogula, chifukwa ndi iye yekha amene akudziwa mtengo weniweni. Pomwe pali kaundula, pomwe katswiri wa boma waona mwala n'kuutchula dzina, wokumba amakhala ndi pakamwa potsutsira mtengo. Safunsa adadya phula. Ife takhala tikugulitsa osafunsa, ndiye tikudabwa kuti m'manja mulibe kanthu.

Achiwiri ati, mukatero muthamangitsa asayansi, pomwe ife tilibe makina oyezera zaka za miyala. N'zoona kuti miyala ina iyenera kupita kunja kuti ikayezedwe, ndipo mbiri yathu ikuonetsa kuti ulendo wotere ungapindulitse dziko. Frank Dixey, yemwe ankatsogolera nthambi yofufuza miyala m'dziko muno nthawi ya atsamunda, adagwira ntchito ndi W. Campbell Smith wa ku British Museum ku London, ndipo mu 1937 iwo pamodzi ndi C. B. Bisset adasindikiza zomwe adapeza pa miyala ya ku Chilwa. Ntchito imeneyo, ndi ya M. S. Garson yomwe idatuluka mu 1965, ndiyo idatsegula njira yodziwira chuma cha ku Kangankunde ku Balaka ndi ku Songwe ku Phalombe, komwe lero makampani akuthamangirako. Miyala idapita, koma malipoti adatsala ku Zomba, ndipo tikuwagwiritsabe ntchito. Chimodzimodzi ku Karonga. Mafupa a chinyama chakale cha Malawisaurus adafufuzidwa ndi akatswiri a ku America pamodzi ndi Amalawi, ndipo mmodzi mwa iwo, Elizabeth Gomani, adaphunzira mpaka kukhala dokotala wa maphunziro amenewa. Chibwano cha munthu wakale cha zaka pafupifupi 2.4 miliyoni chidapezeka ku Uraha mu 1991. Mu 2004 ku Karonga kudatsegulidwa nyumba yosungiramo zinthu zakale komwe ana asukulu amakaima pansi pa chigoba cha Malawisaurus n'kumva mbiri ya dera lawo. Wasayansi weniweni saopa kaundula. Iye mwini amalemba kale pomwe watenga mwala uliwonse, chifukwa popanda zimenezo ntchito yake ilibe mutu. Amene amathawa kulembedwa ali ndi chomwe akubisa.

Kuti muone mbali inayo, funsani anansi athu a ku Zambia. Chigaza cha munthu wakale chidapezeka mumgodi wa Broken Hill ku Kabwe mu 1921 n'kutumizidwa ku London. Zambia yakhala ikupempha kwa zaka zambirimbiri kuti chibwerere, koma chikadali ku Natural History Museum. Chinthu chikawoloka nyanja popanda pangano lolembedwa, kuchibweza ndi nkhondo ya mibadwo.

Achitatu ati, malamulo alipo kale, mukufunanji china? Alipodi. Lamulo la migodi la 1981 lidalowedwa m'malo ndi la 2019, kenaka la 2023 lomwe lidakhazikitsa bungwe loyang'anira migodi. Malamulowa amati chuma cha pansi pa nthaka ndi cha dziko, ndipo palibe woyenera kufufuza, kukumba kapena kutulutsa miyala kunja popanda chilolezo. Pali lamulo loteteza zinthu zakale. Gawo 13 la malamulo aakulu a dziko lino limalamula boma kulemekeza ufulu wa mibadwo yam'tsogolo pa zachilengedwe. Mu Okutobala 2025 Pulezidenti Peter Mutharika adaletsa kutulutsa kunja miyala yosakonzedwa. Zonsezi n'zabwino, koma zimagwira ntchito ku Lilongwe, ku Zomba, pabwalo la ndege ndi pachipata cha dziko. Phiri lili kwa Kasakula. Pakati pa thanthwe ndi chipata cha Mchinji kapena Dedza pali mtunda wautali, ndipo thumba la miyala likafika kumeneko palibe angadziwe kuti lachokera pati. Komanso maganizo a malamulowa ali pa migodi ikuluikulu, matani ndi misonkho. Mwala wosowa suyenda pa thiraki. Umakwana m'chikwama cha m'manja, ndipo ulendo umodzi ungathe kumaliza malo omwe adatenga zaka mamiliyoni kuti apangike. Mlonda woyamba ayenera kukhala amene amagona m'tsinde mwa phirilo.

Tsono tichite chiyani? Choyamba, mfumu yaikulu iliyonse ya m'mapiri, kuyambira kwa Kasakula, Nthondo, Chikho ndi Vuso Jere mpaka kwa Msakambewa ndi Chiwere ku Dowa, ikhale ndi buku la miyala, ndipo magulupu ndi nyakwawa adziwe za bukulo. Aliyense wobwera kudzatenga miyala aonetse chilolezo cha boma ndi chiphaso chake. Alembe dzina, komwe wachokera, malo enieni omwe akukagumula, kuchuluka kwa zomwe watenga ndi komwe akupita nazo. Apite kuphiri ndi munthu wa m'mudzi, ndipo amulipire. Izi zikhale m'malamulo a m'dera, makomiti a chitukuko a VDC ndi ADC azivomereze, khonsolo izisindikize. Sizifuna thandizo la kunja. Zifuna kope, cholembera ndi mfumu yosagulika ndi botolo la chakumwa.

Chachiwiri, pa mwala uliwonse wopita kukayezedwa, chidutswa chinzake chitsale m'dziko muno, ku nthambi yofufuza miyala ku Zomba, chili ndi nambala yofanana ndi ya m'buku la amfumu. Mwala wosowa kwambiri, womwe palibe unzake, uzipita kunja mobwereka, tsiku lobwerera litalembedwa.

Chachitatu, zotsatira zibwerere kumudzi, m'Chichewa, pamsonkhano wa anthu onse. Munthu amene adatenga masampulo n'kusowa osabweretsa yankho asapatsidwenso chilolezo. Lamulo lopatsa anthu ufulu wopeza nkhani m'maofesi a boma lidayamba kugwira ntchito mu 2020. Makhansala ndi aphungu a Ntchisi ndi Dowa aligwiritse ntchito: afunse kuti ndi makampani ati ali ndi ziphaso zofufuza m'madera awo, malire ake ndi ati, ndipo apeza chiyani. Mndandandawo upachikidwe pakhonsolo ndi pabwalo la mfumu.

Chachinayi, sukulu iliyonse ya sekondale m'maboma awiriwa ikhale ndi shelefu ya miyala ya m'dera lake, uliwonse uli ndi dzina ndi malo omwe udatoledwa. Ku MUST ku Thyolo, ku UNIMA ku Zomba ndi ku MUBAS ku Blantyre kuli ophunzira za miyala ndi migodi omwe amafunika kukaphunzira kuthengo. Abwere kuno, ayende ndi ana athu m'mitsinje, awathandize kutchula miyala. Kutolera miyala si tchimo. Ndikufuna ana a kwa Kasakula akhale otolera miyala oyamba a m'mapiri awo, kuti mlendo akadzafika ndi nkhani yokoma adzapeze mtsikana wa Fomu 3 womufunsa mafunso omwe sangawazembe.

Chachisanu, dziko lino likhale ndi malo amodzi aulemu oonetserako miyala yake yabwino koposa, ndipo boma lizigula ina kwa okumba pamtengo woyenera. Banki yaikulu idayamba kugula golide kwa okumba ang'onoang'ono mu 2021. Nzeru yomweyo ingagwire ntchito pa miyala yosowa. Pa 22 Januwale 1981 ku Machinga kudagwa mwala wochokera kumwamba wolemera makilogalamu 93. Miyala ya mtundu umenewo ndi yakale kuposa thanthwe lililonse la padziko lapansi. Ndi Amalawi angati adamvapo za mwalawu? Dziko lomwe siliuza ana ake zomwe lili nazo lisadabwe anawo akazigulitsa pamtengo wa sopo.

Takhala tikuimba kuti chuma chili m'nthaka, koma tikamatero timaganiza za fodya, chimanga, ndipo posachedwapa za migodi. Taiwala kuti m'nthaka momwemo mulinso mbiri ya dziko lapansi, ndipo gawo lina la mbiriyo lidaikizidwa kwa ife. Sitidaipange ndife, sitingaipangenso, ndipo tilibe ufulu woimwaza m'mbadwo umodzi. Anthu a ku Inukjuak adadzuka thanthwe lawo litavulala kale. A ku Malosa adazindikira mtengo wa miyala yawo yabwino koposa itapita. A ku Ntchisi ndi Dowa ali ndi mwayi womwe anzawowo adalibe, woika malamulo zinthu zisanafike poipa. Pakadafunda padajiwitsa.

Inu mafumu athu, a Gogo Kasakula ndi anzanu, nkhaniyi ikambidwe pamsonkhano wa ADC ukubwerawu, ndipo buku ligulidwe. Inu aphunzitsi, tulukani ndi ana mukawaonetse thanthwe la kuseri kwa sukulu. Inu a ku unduna wa migodi, tumizani akatswiri anu kumidzi akaphunzitse anthu, asamangodikira mapepala muofesi. Ndipo inu awerengi, mukadzaona munthu akutsika phiri ndi thumba la miyala, mupatseni moni mwaulemu monga mwa chikhalidwe chathu, kenaka mumufunse kalata. Ngati alibe, miyalayo itsale.